Pepala Lopanda Makwinya

Ababa anatenga miyezi inayi kupanga mafupa a ndege ija, ndipo tonse m'banjamo tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti ina sadzapanganso. Manja anali atayamba kuwanjenjemera. Poyamba linali lamanja lokha, makamaka akatopa, koma pofika chaka chimenecho kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, tiyiyo n'kumatayikirabe pa thalauza. Ntchito yawo yokonza mawailesi pakhonde la sitolo ina ku Limbe anali ataisiya kale. Chimene chinawatsalira ndi ndege zawozo.

Ndikati ndege, musaganize zija ana amapanga ndi mawaya n'kumakankha mumsewu. Za ababa zinkauluka. Thupi lake linali kamtengo ka chiwale, mapiko ake a nsungwi yopala mpaka kuwonda ngati udzu wa tsache, ndipo kutsogolo kunali pulopela yozungulira ndi mphira wopota. Ndege yonseyo ukaiika pachikhatho sunkamva kuti wanyamula kanthu. Panja sinkatha kuuluka, kamphepo kakang'ono kankaithyola. Inkafuna chipinda chachikulu chotseka mazenera, ndipo mmenemo inkakwera pang'onopang'ono, mozungulira, moti munthu woyenda pansi ankatha kuipitirira.

Masewera amenewa ankachita awiri okha, iwo ndi mnzawo wa ku Kanjedza, mkulu wa mpingo amene anagwira ukalaliki mpaka kupuma. Ine ndinkawaitana amalume ngakhale panalibe chibale. Ife ndife Akatolika, agogo anachoka ku Mozambiki wapansi kudzafuna ntchito. Amalumewo ndi Apresibiteriyani a kalekale, ovala tayi ndi Loweruka lomwe. Koma ndiwo ankasunga kiyi wa holo ya tchalitchi chawo, holo yaitali denga, choncho kamodzi pa miyezi ingapo, kwaya ikatuluka, madala awiriwa ankadzitsekera mmenemo ndi wotchi n'kumaona ya ndani ikhalitse m'mwamba. Amalume anali ndi mwana kunja amene ankawatumizira timatabwa topepuka ndi pepala lenileni lokutira mapiko, lowala ngati thovu la sopo. Ababa ankagwiritsa ntchito zotola. Ankagonja kawirikawiri, koma ndi masekondi chabe, ndipo masekondi amenewo ankawadya mumtima.

Mafupa atatha, panatsala nkhani ya khungu. Ndi mmene ababa ankatchulira pepala lokutira mapiko. Lamlungu lina nditatuluka ku Misa ndinapita kwawo ku Bangwe, n'kupeza atayala mapepala atatu patebulo, lililonse atalitsikiza ndi mwala. Ine ndinabwera ndi lachinayi m'chikwama.

Loyamba linali lija amakulungira nsapato zatsopano m'bokosi. Limamatika mosavuta, koma ndi lolemera, ndipo limamwa chinyezi, kukangochita mitambo layamba kale kulendewera. Ababa analiika pamenepo mwaulemu chabe, monga mmene umaitanira wachibale amene ukudziwa kuti sabwera.

Lachiwiri ndi limene ankalikonda zaka zonse. Ankalitenga m'makapasita a mawailesi akale, tizipangizo tija tooneka ngati batire. Ukang'amba kamodzi umapeza m'kati mwake muli pepala lofiirira lopyapyala kwambiri lokulungidwa ngati bandeji. Kupepuka limapepuka, ndipo silikoka mafupa. Vuto lake limatuluka m'timizere topapatiza, ndiye kuti ukute phiko limodzi uyenera kulumikiza timizere tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Polumikiza paliponse pamafuna guluu, ndipo guluu ndi kulemera. Pamafunanso dzanja lokhazikika. Ababa analisisita ndi chala, ndipo ine ndinayang'ana kumbali.

Lachitatu linali la pulasitiki lija amavindikira suti kochapitsa zovala m'tauni. Ndi lotambalala bwino, phiko lonse limakwana kamodzi, koma limatamuka ukalikhudza ndipo silinali lopepuka monga limaonekera.

Langa ndinalitenga kuntchito. Ndimagwira m'fakitale ya mapepala a pulasitiki ku Makata, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditagwirako zaka khumi ndi chimodzi. Makina akamayamba kumene, pepala loyambirira limatuluka lopyapyala mopitirira muyeso, ndipo limenelo timalidula n'kulitaya. Ndinapempha kapitawo kachidutswa, iye n'kundiseka kuti ndikufuna kukulungira mpweya.

Ababa anali ndi njira yawo yoyesera. Anandiuza ndidule tizidutswa tofanana, ndikwere pampando, ndizigwetsa tiwiritiwiri, iwo ali pansi kuona kofika msanga. Kenako anatulutsa sikelo yawo, sipoko ya njinga yogoneka pa mpeni wa lezala, mbali ina pepala, mbali ina timbewu ta mpunga. La nsapato linadya mpunga wambiri. La suti linatsatira. La kapasita ndi langa anayandikana, koma titawonjezera guluu wa polumikiza, langa linapambana poyera.

"Iwe, ili ndiye khungu," anatero ababa, maso akuwala. "Ndi ili, mkulu wa mpingo uja akapemphera mokweza."

Ndinasangalala ngati kamwana. Sizinkachitika kawirikawiri kuti chinthu changa chipambane pa tebulo la ababa.

Kenako nkhope yawo inasintha. "Koma tamvera. Pulasitiki ali ndi mtima wobwerera kumene wachoka. Usanamate, ulikwinye m'manja, ulipange kampira, ulitambasule, ulikwinyenso, mpaka lichite makwinya paliponse. Ndiye uligoneke pamafupapo lokhwepa. Usalikoke. Usalikunge ngakhale pang'ono. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Ukakutire kwanu. Ndikamaonerera pano ndikusokoneza, ndipo manjawa andiyabwa n'kugwira."

Analongedza mafupawo okha m'katoni ya sopo, pang'onopang'ono, akupuma ndi pakamwa. Tsiku louluka linali Loweruka lotsatira.

Tsopano ndinene za ine, osati podziikira kumbuyo. Ntchito yanga ku fakitale ndi kuyang'ana mipukutu ya pepala isanatuluke. Mpukutu wa makwinya ndimaubweza. Anyamata a pamakina amandida chifukwa cha zimenezo, amati diso langa ndi la mfiti. Zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala ndikudana ndi makwinya kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndipo manja angawa akagwira pepala amalikunga okha, osandifunsa.

Lachisanu ndinaweruka masana. Nditafika kunyumba ku Chirimba ndinatseka mazenera, n'kuyala galasi lochokera pa kabati patebulo. Ndinadula pepala, n'kulikwinya monga anandiuzira. Nditalitambasula ndinamva kunyansidwa. Linali lotuwa, lofota, ngati jumbo yotola m'ngalande. Ndinakumbukira mapiko a amalume mmene ankanyezimira akamadutsa pa zenera la holo, ndipo ndinaganiza za ababa atayima pamenepo ndi ndege yawo yomaliza yovala chinthu chonga chotola kudzala. Zinandipweteka. Ndinadziuza kuti ababa amanena za pepala la suti, lotamukatamuka lija, ili la kwathu salidziwa. Wolidziwa ndine. Ndinadula lina losalala, ndinapaka guluu wosungunula pamafupa, ndipo ndinaligoneka n'kulikoka pang'ono chabe m'makona anayi, mmene ndimachitira poyesa mpukutu.

Kukongola linakongola. Ndinanyamula phikolo n'kuliika pa kuwala, likuchita kung'anima, palibe khwinya ndi limodzi lomwe. Ndinachita chimodzimodzi ndi chipsepse cha kumbuyo, n'kutseka katoni ndikudzitama mumtima.

Loweruka m'mawa, ndisananyamuke, ndinatsegula kuti ndionenso ntchito yangayo. Ndinagoneka phiko pagalasi. Nsonga ya kumanzere sinakhudze pansi. Inali itadzuka pang'ono, mwina kamtengo ka machesi kakanalowa pansi pake. Ndinaitsikiza ndi chala, inagona. Nditachotsa chala, inadzukanso. Ndinayesa kukumbukira ngati inali choncho ababa pondipatsa, ndipo ndinkafunitsitsa kuti ikhale kuti inali choncho. Ndinatseka katoni msangamsanga n'kuimanga ndi chingwe.

Unali mwezi wa Okutobala. Pofika pa siteji, dzuwa linali litayamba kale kuluma.

"Sisi, katunduyo kumbuyo," anatero kondakitala, dzanja lili kale pa chingwe.

"Ayi, uyu ndikhala naye pamiyendo."

"Muli mazira kapena? Mupanikiza anzanu."

"Siyani katoni yanga, achimwene!"

Ndinakuwa mwamphamvu moti minibasi yonse inatembenuka. Anandisiya, akung'ung'udza kuti azimayi a masiku ano angokhala olusa. Malo amene ndinapeza anali a pazenera, mbali ya dzuwa. Ndinakumbatira katoniyo, zigongono zili panja kutchinga anthu, ndipo minibasi ikagwa m'dzenje mtima wanga unkagwera momwemo. M'tauni ndinatsika n'kudutsa pakati pa oitanira, katoni ili pamwamba pa mutu, wina akundikoka uku wina uku. Ya ku Limbe inachedwa kudzaza. Tinakhala pamenepo injini ili chizimire, malata a galimoto akutentha, ndipo ndinkamva katoni ikufunda pamiyendo panga. Ndimadziwa chimene pepala lathu limachita likafunda. Ndimadziwa bwino kuposa aliyense, ndi ntchito yanga. Ndinaivindikira ndi chitenje, koma sindinaitsegule.

Ku Kanjedza ndinapeza ababa atafika kale, atakhala pa benchi pakhonde la holo, atavala jekete lawo la ku maukwati. Amalume anali m'kati, ndipo kwaya inali isanatuluke. Inali ikubwereza mzere umodzi womwewo, woimbitsa akuimitsa n'kuyambitsanso.

"Wafika nayo bwino?"

"Bwinobwino, ababa."

"Unalikwinya?"

"Eya."

"Linagona lokhwepa?"

"Eya, ababa."

Linatuluka lokha bodzalo, losalala, ndipo nditalinena ndinaona kuti kubwerera kwavuta. Ndinali mayi wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wa ana awiri, koma pamaso pa ababa ndinali kamtsikana kothyola mbale.

"Tatsegula ndione."

"Pano pali mphepo, ababa. Tikatsegulire m'kati."

Mphepo inalipodi, kamphepo kotentha kochokera ku mitengo ya m'nkhalango ya Kanjedza. Ababa anagwedeza mutu. "Wayamba kuidziwa ntchito," anatero, n'kumwetulira. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinaika katoni pansi, m'mbali mwa khoma. Khondelo linali la malata otsika, ndipo kutentha kwake kunkatsikira pamutu penipeni. Tinakhala pamenepo kupitirira ola. Ababa ankalankhula, zimene sankachita kawirikawiri. Anandiuza kuti mphira anaupaka mafuta dzulo lake, kuti akufuna ndiupote ine mpaka uchite mfundo kutalika kwake konse, kenako mfundo zachiwiri zidzaze pamwamba pake, kuti poponya ndisaikankhe, ndingoisiya ipite. Anati akaona bwino ndegeyi ikhoza kupitirira mphindi zisanu, zimene iwo sanafikepo. Ine ndinkangoti eya, eya, maso ali pa katoni. Kawiri ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Ulendo woyamba kwaya inakweza mawu, ndipo ndinati ndidikire atsitse. Ulendo wachiwiri panalibe chondiletsa, ndinangotseka pakamwa ndekha.

Kwaya itatuluka tinalowa. Amalume anazungulira holo yonse kutseka mazenera, n'kutsekera nsanza pansi pa chitseko. Mpweya unaima. Thukuta linkanditsika m'msana.

"Achimwene, lero mwabwera ndi injiniya," anatero amalume. "Ndiyambe ndine, kuti mudziwe pofika."

Yawo inanyamuka bwino, mapiko akunyezimira, n'kukwera mozungulira mpaka pansi pa mitanda ya denga. Tonse tinali chete, makosi ali m'mwamba, kumangomva pulopela ikupalasa mpweya. Inatsika mwaulemu n'kutera pakati pa mabenchi.

"Zinayi ndi masekondi makumi awiri," anatero amalume, akuonetsa wotchi.

Ababa anaseka chapansipansi. "Masula, mwanawe."

Chingwe chinandivuta, zala zinali zonyowa. Nditatsegula, sindinafunikenso galasi. Phiko linali litapotoka lonse, nsonga ya kumanzere kuyang'ana kumwamba, ya kumanja kuyang'ana pansi. Pepala linali litakungika ngati ng'oma, likuwala. Timafupa tiwiri ta pakati tinali titamatuka, ndipo nsungwi yaitali ya kutsogolo inali itayamba kung'aluka pamene ababa anaipala kwambiri.

Ababa anawerama. Anayang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Sanandiyang'ane ine.

Amalume anabwera, anavala magalasi, n'kusuzumira phikolo cha m'mbali. Iwo pepala lawo limabwera lokonzakonza, za makwinya sankazidziwa. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Achimwene, mafupawa sanawongoke. Taonani apa, mwapala mopitirira. Khungu ndiye mwanayu wakuta bwino, laudongo." Anawagwira ababa paphewa. "Tivomereze, achimwene. Ndi manjawa."

Ndinadikira kuti ababa akane. Anali munthu wamakani, wosalola kunamiziridwa ngakhale pa kanthu kakang'ono.

"Inde," anatero. "Ndi manja."

Ndinaima pamenepo ngati chitsa. Mawu anali pakhosi pomwepa, koma amalume anali atangondiyamikira kumene, ndipo ndinachita manyazi kuwatsutsa. Manyazi chabe, palibenso china.

"Pota mphira," anatero ababa.

"Ababa, ithyoka."

"Yathyoka kale. Pota. Iuluke kamodzi."

Ndinalumikiza phiko ku thupi, ndinapota mphira mpaka mfundo zachiwiri zinadzaza, ndinaikweza m'mwamba n'kuisiya. Kwa kamphindi inakwera, ndipo ndinaona mmene inalili yopepuka, mmene ikanakhalira. Inafika cha pamwamba pa zenera mosavutikira n'komwe. Kenako inapendekera kumanja, inayamba kuzungulira mothina, mphuno n'kuloza pansi. Phiko linapindika pakati ndi kaphokoso kakang'ono ngati kuthyola machesi, ndipo inagwa pa simenti pulopela ikuzungulirabe. Amalume sanatchule nthawi. Anangoika wotchi m'thumba n'kupita kukatsegula mazenera.

Ababa anatola okha zidutswazo, n'kuziika m'katoni. Anatsanzikana ndi mnzawo bwinobwino, anamuyamikira pa mphindi zinayi zija, ndipo tinatuluka. Katoni anainyamula iwo. Tinayenda kulowera ku msewu waukulu, dzuwa lili paliwombo, ine kumbuyo pang'ono.

Titafika pa mthunzi wa mtengo wina ndinalephera kupirira.

"Ababa, sindinalikwinye. Ndinalikunga. Si manja anu."

"Ndinaona utangotsegula," anatero osaima. "Pepala lokwinya siliwala choncho."

"Nanga munavomereranji?"

"Ndikanati chiyani? Kuti mwana wanga wandinamiza? Pamaso pa munthu?"

Ndinayamba kulira, pamsewu pomwepo, anthu akudutsa. Ndinati ndinkafuna ikongole, ndinkafuna isaoneke yotola pafupi ndi ya amalume. Ababa anaima, n'kuika katoni pansi.

"Kukungako si mlandu," anatero. "Aliyense amakunga ulendo woyamba. Inenso ndinakunga, kawiri konse. N'chifukwa chake ndinakufunsa pakhonde paja." Analowetsa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa lezala latsopano, lili m'kapepala kake. "Ndinabwera nalo dala. Ndinati mwanayu ndi wa ku fakitale, mwina dzanja limuthawa. Ukanangoti ababa ndakunga, tikanalicheka pepalalo pakati pomwepo, nsungwi ikanabwerera yokha. Lero sitikanauluka, koma mafupa akanakhalapo. Tikanakuta lina sabata yamawa." Anabweza lezala m'thumba. "Ola lathunthu, mwanawe. Ndinali pambali pako."

Sanakalipe. Ananyamula katoni n'kupitiriza kuyenda, ndipo ndinawatsatira mpaka pa siteji.

Ababa anakhala ndi moyo zaka zina zitatu, ndipo nkhani imeneyi sanaitchulenso kwa ine kapena kwa wina aliyense. Amalume alipobe, akalamba, amayenda ndi ndodo. Nthawi zina timakumana m'Limbe, ndipo amandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti mnzawo uja anali mmisiri weniweni, kungoti pa mapeto manja anamukana. Nthawi zonse ndimati lero ndiwauza. Ndiye amandiyang'ana ndi maso achifundo aja, ndipo ndimangoti inde, amalume.